Waya Wachikasu

Kuseri kwa nyumba kunali kashedi ka malata komwe bambo ena, omwe anzawo ankangowatcha a Sipanala, ankapachikamo zida zawo. Zaka makumi anayi anazithera kunsi kwa magalimoto, ndipo ngakhale anapuma ntchito, girizi anali asanatheretu m'zikhadabo zawo. Injini ikatsokomola pamsewu, iwo ankatchula nthenda yake ali khale pakhonde.

Mwana wawo wamkazi, yemwe anamuphunzitsa okha kumanga nati asanadziwe n'kulemba komwe, tsopano anali katswiri wa zamagetsi a galimoto pa galaja ina yaikulu. Pagulu ankamunyadira. Koma mumtima kanalipo kowabaya, poti masiku ano anthu akafika pageti ankafunsa za mwanayo, osati za iwo.

Tsiku lina hutala ya galimoto ya akazi awo inaleka kulira, ndipo padashibodi panayaka kanyali kofiira kosazima. Mwana uja atabwera kudzaona, anafotokoza kuti kuseri kwa chiwongolero kuli kalamba ka mawaya kokulungika ngati chigoba cha nkhono. Kalambako ndi kamene kamapititsa magetsi ku hutala ndi ku eyabagi, chikwama chija chimene chimafufuma pangozi kuti dalaivala asamenyetse chifuwa pachiwongolero. Tsono kanali kataduka. Anabweretsa katsopano, n'kukasiya m'bokosi pashelefu, nati adzakaika Loweruka.

"Ababa, chonde musayambe nokha," anatero akutsuka m'manja. "M'chikwama muja muli wonga ngati wa mfuti. Timayamba tachotsa batire, n'kudikira mphindi khumi ndi zisanu. Ndipo waya wachikasu sitimugunda ndi tesita yoyesera magetsi."

A Sipanala anaseka n'kumukumbutsa kuti iwo anayamba kumasula ziwongolero iye asanabadwe. Mwanayo anatsanzika n'kumapita.

Lachinayi m'mawa, akazi awo ali kuseri kuyanika zovala, anatsitsa bokosi lija. Sikuti ankafuna kumunyoza mwana wawo. Ankangolakalaka kuti Loweruka akamalowa pageti, amulandire ndi hutala yolira, aone kuti manja a bambo ake sanafe. Batire sanachotse, poganiza kuti magetsi sungawayese utawazimitsa. Anamasula tizomangira tiwiri, chikwama chija n'kutuluka pachiwongolero chikulendewera ku mawaya ake. Anachigwirizira ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kutenga tesita yawo yakale, ija ya kababu ndi msomali wosongoka. Anagunda waya wakuda, kababu sikanayake. Anagunda wobiriwira, zii. Kenako anafika pa wachikasu.

Phokoso lake linamveka mpaka nyumba yachitatu. Akazi awo anataya beseni n'kuthamanga, ndipo anawapeza atatsamira pampando, mutu wonse uli mbuu ndi fumbi loyera, magalasi awo atathyoka pakati, dzanja lamanzere litapindikira kosayenera. M'makutu mwawo munkangolira mluzu, moti kulira kwa akazi awo ankangokuona ndi maso.

Kuchipatala anawaika chikhakha padzanja, ndipo dokotala anawauza kuti akanaweramira pang'ono chabe, bwenzi nkhani ili ina. Koma chimene chinkawaopsa a Sipanala sichinali fupa lothyokalo. Ankaopa maso a mwana wawo.

Mwanayo anafika masana, ovolosi ili m'thupi. Iwo anayang'ana kukhoma, kudikira mawu oti "ndinanena ine." Mawuwo sanabwere. Mwanayo anakhala m'mphepete mwa bedi, n'kutulutsa kansalu, n'kuyamba kuwapukuta fumbi lomwe linatsalira kuseri kwa khutu. 

"Ndakuwonongera ntchito, mwanangu," anatero motsitsa mawu.

"Galimoto ili ndi sipeya, ababa," anayankha. "Inu mulibe."

Patatha milungu itatu, chikwama china chitapezeka, ntchito ija anaigwirira limodzi. Mwana anawongola mateyala, n'kuchotsa batire, ndipo awiriwo anakhala pabenchi kudikira mphindi zija. Akazi awo podutsa ndi ndowa anaseka, nati chikwatiraneni anali asanawaonepo amuna awo atakhala phee pafupi ndi galimoto yotsegula boneti.

Atalowa m'galimoto, a Sipanala anakhala kumpando wa pasinjala, dzanja la chikhakha lili pamwendo. Anafunsa chifukwa chake chikwama chatsopano anachigoneka chagada pabenchi, ndipo mwanayo anawauza kuti chikaphulika chili chafufumimba chimauluka ngati mwala. Anafunsanso za kapulasitiki kofiira kotsekera kalamba kaja. Anawafotokozera kuti kalambako kayenera kulowa kali pakatikati, chifukwa kakapendekera mbali imodzi kamaduka pokhota koyamba, n'chifukwa chake kapulasitikiko amakazula pomalizira penipeni. Iwo anagwedeza mutu, n'kumupempha kuti abwerezenso pang'onopang'ono. Mwanayo anabwereza, akuloza chilichonse ndi chala, ndipo sanafulumire.

Dzanja linachira, ngakhale kukazizira limawakumbutsa. Anzawo akamawafunsa chimene chinachitika, a Sipanala sabisa kanthu, ndipo salola kuti wina aimbe mlandu magalimoto a masiku ano. Amati wolakwa anali iwo, amene anauzidwa bwinobwino koma makutu n'kuwasiya pashelefu. Pajatu akuluakulu anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.