Maluwa Achikasu a Nangozo

Anzanga, mwambi uja unatizunguza mutu m'kalasi, chiyambi chake chapezeka! Tamverani.

Kudali mayi wina, Nangozo, amene nthaka ya m'dimba lake idaguga. Chobiriwira chidali maungu okha, ndipo adali atayamba kuchita maluwa. Tsiku lina mlangizi adabwera kudzaphunzitsa kapangidwe ka manyowa. Dzuwa lidaswa mtengo, Nangozo adagwa ulesi, natuma mwamuna wake, Kabwazi.

"Pitani mukandimverere."

Kabwazi adakakhala kumbuyo, pamthunzi, nayamba kuodzera. Adadzidzimuka anthu akuwomba m'manja.

"Ati chiyani alangizi?" adafunsa Nangozo, mwamunayo atabwerako.

"Zosavuta, mkazanga. Kukumba dzenje, kuthiramo maluwa achikasu, basi."

"Maluwa okha? Ndowe ayi? Phulusa ayi?"

"Kodi kumeneko kunali iwe kapena ine?"

Nangozo adakumba dzenje. Maluwa achikasu pakhomopo adali a maungu aja. M'mawa uliwonse, duwa likangotuluka, iye thotho, m'dzenje! Mwezi wathunthu, msana ukuwawa. Atafukula adapeza tizinthu tonunkha tosadzaza ndi dzanja lomwe. Kudimba nako, dzungu ngakhale limodzi.

Mnansi wake, Nankhoma, adampeza atagwira m'chiuno.

"Mwathira chiyani umu, anzanga?"

Atamva, Nankhoma adaseka mpaka kukhala pansi.

"Mayo ine! Alangizi adati mapesi pansi, pamwamba pake masamba a deliya, chitsamba cha maluwa achikasu chija chili mbwee m'mbali mwa msewu. Kenaka ndowe, phulusa, madzi, n'kumatembenuza. Masamba, mayi, osati maluwa!"

Nangozo adacheukira mwamuna wake, amene adali kusema mpini ngati sakumva.

"Inu abambo, makutu anuwo ndi a mphika kodi? Maungu anga onse ndakwirira ndi manja angawa!"

Kabwazi adakanda m'mutu. "Komatu zachikasuzo ndinamva bwino."

"Mwamumva, Nankhoma? Kandimverere wanga anakanena za m'maluwa!"

Chaka chimenecho banjalo lidalawa maungu opempha. Mlangizi atabweranso, woyamba kufika, kukhala kutsogolo kwenikweni, adali Nangozo.

Mawu ake aja ndiwo adasanduka mwambi: kandimverere anakanena za m'maluwa. Tanthauzo lake n'lakuti nkhani yokhudza iwe, pita ukadzimvere wekha. Wotumidwa amatola pomwe pamukomera, chenicheni n'kuchisiya komweko, ndipo wokwirira maungu umakhala iwe.