A Goliati Athamangitsa Njovu

Pa msika wa Nguludi panalibe wosawadziwa a Goliati owotcherera zitsulo. Dzina linali la chimphona, koma mwini wake akaima kuseri kwa mgolo munkangoona chipewa. Chimene Mulungu anawamana pa msinkhu anawabwezera pa liwiro. Ankayenda ngati kunyumba kukupsa, tiyi ankamwa ali chilili, ndipo kutchalitchi Ameni wawo ankamveka pemphero lisanathe.

Akazi awo, a Esnat, anali munthu wa mtima wogona. Ndiwo ankatsogolera nyimbo za tchopa kwawo ku Likoswe, koma chaka chimenecho maso awo anayamba kuchita ng'ala. Kuchipatala anawauza kuti adikire opaleshoni, osalonjeza kuti zidzatha bwanji. Tsiku lina akusankha nandolo pakhonde, akuchita kufufuza timiyala ndi zala, anangoti, "Abambo ake Nester, ndiye kuti ndidzalowa mumdima osaiona njovu. Ndimangoiimba m'nyimbo."

Mawuwo anawabaya a Goliati ngati minga. M'mawa mwake anakoka bodi ya lole yakufa n'kuyamba kuiwotcherera. Anaiika matayala, denga la malata, kawindo ndi matiresi, n'kukhomera misomali yopachikapo mapoto. Inatuluka ngolo yokokedwa ndi pikapu yawo yakale, nyumba yoyenda yeniyeni.

A Rajabu, atelala a pakhonde loyandikana, anaizungulira tepi ili m'khosi. "Achimwene, njovu zili pa Liwonde pompa. Mutha kupita m'mawa n'kudzadya mgonero kwanu."

"Zapafupi n'za anthu opanda ngolo," anatero a Goliati. "Ine amake Nester ndikawaonetsa dziko lonse, mapiri, magule, nyama, mpaka kumpoto kumene amalankhula Chitumbuka."

"Muziwapatsako nthawi yophethira," anatero a Rajabu, nabwerera pamakina.

Ananyamuka dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. A Goliati anagwira chiwongolero ngati akuthawitsa wodwala. "Onani phiri la Dedza ilo!" ankafuula. A Esnat akamatembenuka n'kupukuta m'maso, phiri linali litatsala kumbuyo. "Onani mtsinje!" Mtsinje nawo unali utapita. Mkaziyo ankangovomera kuti, "Ee, abambo," ngati mwana wa sukulu amene sanamve funso.

Atalowa m'boma la Mzimba anapeza anthu akusonkhana pabwalo la mudzi wina. Amuna anali kuvala zikopa ndi nthenga, zishango zitatsamira pamtengo. Mkulu wina anawalandira bwino, nawapatsa mipando, nati ingoma iyamba anzawo a kutsidya akafika. A Esnat anakonza chitenje n'kukhala mosatekeseka. A Goliati anakhala, anaima, anakagogoda matayala, anabwerera, anayang'ana dzuwa.

"Anthu awa ayamba mawa. Tiyeni, njovu zikutidikira."

"Gule sathamangitsidwa, abambo. Nafenso a tchopa timayamba tawamba ng'oma."

"Tikaona wina kutsogoloku."

Pikapu itangokwera pamsewu wa phula, kumbuyo kunabuka nyimbo ya amuna, mapazi akugunda pansi mpaka kumveka m'chifuwa. A Esnat anatchera khutu mpaka phokoso la injini linaimeza. "Ayamba," anatero motsitsa mawu. A Goliati anachita ngati akumvetsera injini.

Anafika ku nkhalango ya Vwaza ali mbuu ndi fumbi. Mlonda wina, a Stewart, anawalozera poimika ngolo, pamthunzi woyang'ana kanyanja kamene mvuu zinali kufwenthera. "Nyengo ino madzi ndi ochepa m'tchire," anatero mlondayo. "Khalani pompa, adada. Nyama zimabwera zokha."

A Goliati anaseka. "Ndachoka ku Chiradzulu kudzakhala pampando? Mipando kwathu iliko."

Anawakweza a Esnat n'kulowa m'timisewu ta m'nkhalango, ngolo ili pambuyo. Mapoto anali kuwombana, malata akulira, unyolo ukukhwekhwereza pansi, moti mukanati kukudutsa ukwati. Nyama zinkamva alendo akadali kutali. A Goliati anaona michira ya njiri itaimirira ngati milongoti ya wailesi, ndi msana wa gwape ukulowa m'thengo. "Icho! Icho! Mwachiona?" A Esnat anaona fumbi.

Atabwerera kumthunzi kuja, mkaziyo anatsika n'kukhala pa chitseko cha ngolo. "Abambo ake Nester, ndimasuleni pano pamodzi ndi nyumba yanuyi."

"Mwatopa kale? Nanga tabwerera chiyani?"

"Ndikudziwa chimene mukuthamangira, ndipo ndikuthokoza. Mukufuna ndione zonse maso asanatseke. Koma maso angawa tsopano ali ngati nkhalamba, amafika mochedwa. Chinthu chiime kaye, ndichiyang'ane, ndiye chimabwera. Kuchokera kwathu kuja chimene ndaona bwinobwino ndi khutu lanu lokha."

Zinawapweteka a Goliati, koma khosi linali louma. Anamasula ngolo mokwiya, nati akazipeza okha njovuzo, adzawatenge n'kuwafikitsa pamphuno pake penipeni. Anatenga foni yojambulira n'kuliza moto.

Sanapite patali. Panjira ina yodutsa pakhwawa louma anaona ndowe zazikulu ngati mitanda ya buledi, mtima n'kudumpha. Anaponda mafuta, pikapu n'kulowa mumchenga mpaka m'mimba. Anaponda, anabweza, anapondanso, mpaka kilachi inanunkha ngati chikopa chopserera, galimoto n'kungolira osasuntha. Kutsika n'kuyenda wapansi anaopa, poti analikumbukira bwino lamulo la pachipata loletsa kuyenda pansi m'nkhalango. Anakhala m'katimo. Akatseka mawindo ankapsa ngati mbatata m'phulusa, akatsegula akashembe, ntchentche zoluma za m'tchire, ankalowa n'kuwaluma m'khosi ndi m'akakolo. Anatsegula n'kutseka, kutsegula n'kutseka, akudzimenya makofi okha, kufikira alonda oyendera nkhalango anawapeza dzuwa litapendeka n'kuwakoka ndi chingwe.

Anafika pangolo nkhope itatupa, n'kupeza a Esnat akung'ung'udza nyimbo, nkhope ili ngwee.

"Zinabwera, abambo."

"Chiyani?"

"Njovu. Mutangochoka, phokoso litatha. Poyamba ndimayesa ndi zulu, kenako chulu china chinakupiza makutu. Zinaima apo, pamene pali matopepo, zinamwa, zinasamba. Ndinaziyang'ana mpaka ndinakhuta."

A Goliati anapita kukaona. Mapazi anali pomwepo, aakulu ngati malichero, madzi akadali kulowamo. Anaima nthawi yaitali atagwira m'chiuno. Anakondwa kuti mkazi wawo waona chimene ankalira, komanso zinawawawa. Anawotcherera ngolo yonse ija kuti pa nthawi imeneyo adzakhale pambali pake, ndipo nthawiyo itafika iwo anali kumenyana ndi ntchentche.

Chitsulo chokonzera galimoto chinayenera kuchokera ku Mzuzu, ndipo makaniko anati adikire. Kunalibe kothamangira. M'mawa mwake a Goliati anakhala pansi pafupi ndi akazi awo, miyendo yotupa itatambasulidwa, akuusa moyo ngati wandende. Poyamba sanaone kanthu koma madzi ndi matope. Kenako anazindikira kambalame kakuyenda pamsana pa mvuu ngati pakhomo pake. Njiri inatuluka ndi ana ake, nigwada pa maondo akutsogolo n'kuyamba kudya.

"Amake Nester, iyi ikupemphera isanadye."

"Ndipo siikuthamangira Ameni," anatero a Esnat.

Dzuwa litakwera, mitengo ya kutsidya inagwedezeka. Zinatuluka mwakachetechete, yaikulu patsogolo, zina pambuyo, popanda ngakhale kamtengo kuthyoka. A Goliati anadzambatuka kuti athamangire foni, koma dzanja la a Esnat linawagwira bondo.

"Khalani. Mundiuze, dzulo ndinaona kanthu kakang'ono pakati pa miyendo ya yaikuluyo. N'kamwana?"

"N'kamwana," ananong'ona a Goliati. "Sikadziwa kugwiritsa ntchito chitamba. Kakuchiponda kokha. Taonani, kagwa m'matope! Amake akukadzutsa."

A Esnat anaseka mpaka misozi. Mwamunayo anapitiriza kunong'ona, akuwauza za makwinya a pakhungu, za mnyanga wothyoka wa ina, za mmene zinkadzithira fumbi kumsana. Zimene maso a mkaziyo ankalephera, a mwamunayo ankakwaniritsa. Njovu zitabwerera m'thengo, a Goliati anazindikira kuti tiyi wawo wazizira m'kapu, chinthu chimene chinali chisanawachitikirepo chibadwire.

Masiku odikira makaniko aja, akazi a a Stewart anawaitanira kumudzi kwawo, kunja kwa mpanda, kumene amayi ankakonzekera gule wa paukwati. Anachedwa kuyamba monga mwa magule onse, koma a Goliati analibe galimoto yothawira. Anaonera kuyambira kuwamba ng'oma mpaka nyimbo yotsiriza. A Esnat anafunsa tanthauzo la mawu a Chitumbuka, anaphunzira kuwomba m'manja mwa kumeneko, kenako anamanga chitenje m'chiuno n'kuwaonetsa eni mudzi mmene Alomwe amapondera tchopa. Nthungululu zinamveka mpaka kuchipata.

Pobwerera pikapu inayenda ngati yanyamula mazira. Anaima pa Chikangawa kuti a Esnat anunkhize mitengo ya paini, anaimanso pa Dedza mpaka phiri lija linalowa m'maso mwawo lonse.

Atafika pa Nguludi anthu anazungulira ngolo. A Goliati anakwera pamgolo kuti aoneke bwino, n'kuyamba kuphunzitsa. "Anthuni, nyama za m'tchire sizifuna phuma. Munthu umakhala pansi, phee. Ine ndinangofika n'kuwauza amake Nester kuti, tiyeni tidekhe."

A Esnat anaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Nanga zotupa za m'khosizo, achimwene, munazipeza muli chikhalire?" anafunsa a Rajabu.

A Goliati anakanda m'khosi, nayang'ana akazi awo, kenako anaseka nawo limodzi. "Chabwino. Amene anandikhazika pansi ndi kilachi."

"Ndiye muilemekeze kilachiyo," anatero a Rajabu akulowetsa ulusi m'singano. "Yachita zimene tinalephera msika wonse uno."

Kumpoto kuja anapita awiri, wina wa maso akuthwa, wina wa maso a ng'ala, ndipo woyamba kuona njovu anali wa ng'alayo. Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.