Nsabwe pa Chikhadabo cha Zakeyu

Achinyamata inu mumangotchula miyambi osafunsa kumene inachokera. Tamverani uwu, ndipo mumve kamodzi, sindibwereza.

M'mudzi wina munali bambo woyendetsa ngolo, dzina lake Zakeyu. Ankanyamula fodya wa anthu kupita naye kumsika, ndipo nthawi zina ankagona komweko. Atabwera ku ulendo wina, anayamba kumva kuotcha pokodza, kumaliseche kukutuluka mafinya. Chinali chinzonono, matenda opatsirana pogonana.

Anapita kuchipatala mozemba, anam'baya jakisoni, nachira. Adokotala anamuuza kuti abwere ndi mkazi wake, Esinta, koma iye mumtima anati, "Esinta sakudandaula kalikonse. Ndimuuzirenji?" Sankadziwa kuti mwa amayi ambiri matendawa amangokhala phee. Anali atam'patsira kale mkaziyo, ndipo atangochira, mkaziyo anam'bwezera osadziwa. Anapitanso kuchipatala, nachira, nadwalanso. Mapeto ake anayamba kunyoza mankhwala kuti ndi madzi chabe.

Esinta anali ndi pakati, ndipo wochapa zovala sabisidwa kanthu. Anaona madontho pa kabudula wa mwamuna wake. Kusikelo anamwino anali atawaphunzitsa amayi apakati kuti chinzonono cha mayi chimalowa m'maso mwa khanda pobadwa, mwina mpaka kulichititsa khungu.

Tsiku lina masana, akupesa tsitsi la mwana wawo woyamba, Ndaziona, Esinta anagwira nsabwe. Anatuma mwanayo kumjigo, naitana mwamuna wake.

"Bambo a Ndaziona, tabweretsani chala." Anaika nsabweyo pa chikhadabo cha mwamunayo. "Tandiswerani iyi. Koma ndi chala chomwecho chokha."

"Masewera anji amenewa, mayi?"

"Inu mumawongolera ng'ombe ziwiri ndi dzanja limodzi. Nsabwe ikukanikeni?"

Zakeyu anapinda chala, nachitambasula, nsabwe ikungoyendayenda. Esinta anabweretsa chikhadabo chake, nakanikiza pa cha mwamunayo, nsabwe n'kusweka.

"Kabudula wanu ndamuona," anatero motsitsa mawu. "Za kumene munakatenga matendawa tidzakamba pamaso pa ankhoswe. Lero ndikunena za maso a mwana ali m'mimbamu. Mwakhala mukupita nokha kuchipatala. Mwachira?"

Zakeyu anazolika. "Ndimaopa kuti mundithawa."

"Ndithawe ndi mimba iyi, ndikafika pati? Kamangeni ng'ombe."

Anakwera ngolo, napita kuchipatala, ndipo onse awiri analandira mankhwala. Anagona mphasa zosiyana mpaka masiku amene adokotala ananena anakwana. Matenda aja sanabwerenso. Mwana anabadwa maso ali mbee, ndipo Zakeyu atamunyamula anapempha kuti dzina likhale Mayamiko. Kugona kumsika anasiya, ndipo mnzake wa ngolo akamunong'oneza za kuotcha pokodza, iye ankati, "Musapite nokha, achimwene. Ine anandiphunzitsa ndi mkazi wanga, ndipo ndidzafa ndikumuthokoza."

Mawu a m'nyumba imeneyo ndiwo anafalikira, mpaka lero timati: chala chimodzi sichiswa nsabwe. Tanthauzo lake n'lakuti vuto la anthu awiri silitha ndi munthu mmodzi. Chinzonono chimapeweka pokhulupirika kapena kugwiritsa ntchito kondomu, ndipo chimachizika kuchipatala, osati ndi makapisozi a pamsika. Koma chikalowa m'nyumba, manyazi asiyeni pakhomo, mukwere ngolo awiri.