Tiferanji ndi Chizengereza cha pa Waya Wautali

Padali mzinda wochepa ngati chikhadabo, wojambulidwa m'kati mwa chipu, kanthu kaja kamene kamaganizira foni. Misewu yake inali mawaya amkuwa. Anthu ake ankafuula "inde" kapena "ayi" m'mawayamo kuti makomo atseguke kapena atsekeke, ndipo mawuwo ankayenera kusintha msanga ngati kuphethira. Mawu okokeka, osadziwika ngati ndi inde kapena ayi, ndiwo anali ndiwo za Chizengereza, chilombo cha mitu yambiri. N'chifukwa chake kunali koletsedwa kupatsa waya wautali munthu wa chifuwa chaching'ono.

A Mkwapatira, mmisiri woyala mawaya, anaswa lamulolo. Ana awo anawapatsa mawaya afupiafupi. Wautali wa nthambi zambiri anamusenzetsa Zondani, mwana wamasiye woonda ngati bango.

Zondani anafuula mpaka kulavula magazi, koma inde wake ankafika kumakomo akukwawa. Chizengereza chinamva fungo, chinabwera, chinamumeza mpaka m'khosi, n'kusiya mutu kunja kuti azichiphikirabe chakudya.

"Msiyeni," anatero a Mkwapatira. "Mawaya ndayala kale, sindifukulanso. Mzinda ukapita kung'anjo kukaumitsidwa, aumire momwemo. Amasiye saatha."

Tiferanji, mlongo wake wa Zondani, wosesa zidutswa za mkuwa, anaponya tsache pansi.

"Mwati chiyani bambo inu? Achimwene anga ndi zinyalala?"

Anthu anamuseka. Iye anatola chikwanje, ulendo.

Panjira anapeza nkhululu zitapsinjidwa ndi chidutswa cha mkuwa, nazichotsa.

"Titenge," zinatero. "Mawu athuathu tilibe, koma amene tamva timawabwereza ndi mphamvu zatsopano."

Atafika kwa chilombocho, Tiferanji anakoka waya kuti aufupikitse, n'kudula mutu umodzi, khaa! Wayawo unapanikiza anzake oyandikana nawo, pomwepo panaphuka mitu iwiri.

"Dula, kamwana, dula!" chinaseka chilombo. "Ukasuntha waya umodzi, anzake amadwala. Koma tisewere. Ukalephera, ndimaliza mutu watsalawu. Ndagi!"

"Gize!"

"Ndinanyamuka ndili mkango, ndafika ndili nkhono."

Tiferanji anayang'ana mlomo wamagazi wa Zondani, nayang'ana utali wa waya.

"Ndi mawu a achimwene. Njira yawatalikira, makomo awachulukira."

Chilombo chinakukuta mano. Tiferanji, mwa phuma lake, anakhuthulira nkhululu zonse pawayapo. Mawu anathwadi, koma nkhululu iliyonse inkayamba yakoka mpweya isanabwereze, moti anafika makomo atatopa n'kudikira. Mutu wina, wonenepa, unaphuka.

"Tachuluka, mwana iwe!" zinalira nkhululu.

Anazitola imodziimodzi, chilombo chikumung'amba msana ndi zikhadabo. Anasiya imodzi pafupi ndi Zondani, ina pakati pa njira, zina pa mphambano pamene waya ukugawikana. Zitangokhazikika zinasanduka timilomo tamkuwa, ng'aning'ani.

"Achimwene, musafuulirenso makomo onse. Uzani kamlomo kali pafupika basi."

Zondani ananong'ona: "Inde."

Mawuwo anadutsa ngati mphezi. Makomo onse gubudu! nthawi imodzi. Chizengereza chinasowa chonyambita. Mitu inafota, inayoyoka, mimba inaphulika, Zondani n'kugwera pansi. Tiferanji sanakhulupirire msanga. Anayenda waya ndi waya, magazi akuchucha, kufufuza ngati mutu wina waphukira kumbali. Panalibe.

Kumzinda anamulandira ndi nthungululu, namuika kukhala mmisiri wamkulu. Koma Zondani sanayankhulenso. Inde uja anali mawu omaliza otsala m'khosi mwake.

A Mkwapatira anabwera akugwada. "Mwana wanga, tikhululukirane."

Tiferanji anayala waya wautali kuposa onse, wozungulira mzinda, wosafika pa khomo lililonse, naimika bamboyo kumutu kwake.

"Fuulani, bambo. Wina akayankha, mupume."

Mzinda unapita kung'anjo, unauma. Ndiye foni ikamakutenthani m'thumba popanda chifukwa, musadabwe. Ndi a Mkwapatira, akali kufuula.