Nsapato za Muyeso wa Malemu

Abale anga, pa msika wina panali bambo amene ankasindikiza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Mkazi wake woyamba anamwalira, ndipo misozi itauma anakwatira mayi wina wofatsa, wosachulutsa mawu. Ankamukonda ndithu, koma pakamwa pake sipankachoka mawu akuti, "Malemu ankachita chonchi." Pa Khirisimasi anamugulira nsapato zokongola osafunsa muyeso, poti muyeso wa phazi la mkazi ankati anaudziwa kale pamtima. Amuna inu, musayang'ane pansi, ndikunena wina. Mayiyo anathokoza n'kuvala, koma mtima wake unali utayamba kuyang'ana njira ya kwawo.

Tsiku lina makina ake akale osindikizira, aja aakulu, anatopa. Anagula pulinta yatsopano, yaing'ono. Pofuna kufulumira, anakopera pa kompyuta malangizo onse a makina akale n'kuwapatsa pulinta yatsopanoyo, osasintha kanthu. Kenako anaikamo timakadi ta ukwati n'kudina.

Khadi loyamba linatuluka mawu ataduka. Dzina la mkwati linalipo, koma la mkwatibwi linathera m'mphepete. Lachiwiri chimodzimodzi. Bambo uja anapsa mtima, anaimenya pulintayo ndi chikhatho.

"Chinthu chachabechabe ichi! Akale aja sankandivutitsa chonchi. Mawa ndikachibweza."

Koma asanaizimitse anayang'anitsitsa pa kompyuta paja, ndipo anaona kuti pulintayo inalibe mlandu. Iye ndiye anaiuza kuti pepala ndi lalikulu, muyeso wa makina akale, chonsecho m'kati mwake munali kakhadi kakang'ono. Yosaukayo inkangoyesetsa kumvera. Paja safunsa anadya phula. Anatenga rula, anayeza kakhadiko m'litali ndi m'lifupi, n'kulemba muyeso wake weniweni. Khadi lotsatira linatuluka bwinobwino, mayina onse awiri atakhala pakati.

Analiyang'anitsitsa khadilo lili m'manja. Anakumbukira mmene mkazi wake wachiwiriyu ankayendera mu nsapato zija popita kutchalitchi, motsimphina pang'ono, akumwetulira kuti mwamuna asadziwe. Manyazi ndi chisoni zinamugwira pamodzi, misozi inalengeza.

Anatseka sitolo dzuwa likadali paliwombo. Kunyumba anapeza mayi uja atakhala pakhonde wopanda nsapato, chikwama atamanga kale, chili kuseri kwa chitseko. Bamboyo anagwada n'kugwira phazi lake. Chidendene chonse chinali matuza okhaokha. Anatenga kachingwe n'kuyamba kuyeza.

"Bambo, mukutani kodi? Anthu akuona."

"Aone. Ndikufuna kudziwa muyeso wanu, mayi. Ndachedwa kufunsa."

Mayi uja anangoika dzanja pamutu pa mwamuna wake, ndipo chikwama chija anachimasula tsiku lomwelo.

Okondedwa, ambirife timatero. Timatenga muyeso wa amene anapita, kapena wa mwana woyamba, n'kuveka amene tili naye lero, ndiye akatsimphina timati ndi wachabechabe. Mulungu satero. Sakopera muyeso wa mnzako n'kuuika pa iwe. Amawerama, amayeza phazi lako, ndipo njira imene amakuyendetsa amadziwa kuti uitha. Tsono mukafika kunyumba, musanadandaule kuti wina sakuyenda bwino, yambani mwaona nsapato imene munamuveka.