Mayeso a Bambo Kachingwe

Panali munthu wina, Bambo Kachingwe, amene ntchito yake inali younika zimene anzake alemba mu pulogalamu ya pakompyuta. Pulogalamuyo inkatumiza mauthenga pafoni, kukumbutsa amayi tsiku lokabayitsa ana katemera. Chosintha chilichonse chinkayamba chadutsa m'maso mwake.

Kalekale iye mwini analemba mayeso oonera ngati pulogalamuyo ikuwerengera bwino masiku. Inali mizere mazana asanu ndi limodzi, ndipo ankainyadira kwambiri.

Tsiku lina Mayi Nankhoma, amene anali atangoyamba kumene ntchito pamalopo, anatumiza chosintha chawo. Anafafaniza mizere yonse ija n'kulemba makumi anayi basi: funso limodzi, ndi mndandanda wa masiku pansi pake.

Kachingwe mtima unamuwawa. Mnzake wokhala naye pafupi anasuzumira n'kunena kuti, "Kanani basi, achimwene. Munthu wabwera dzana lomweli."

Iye sanakane, komanso sanavomere. Anakoka mpando n'kuitana mayiwo.

"Mayi, takhalani apa. Tiiwononge dala pulogalamuyi, tione ngati mayeso anuwa alira kutichenjeza kuti china chalakwika."

Anasokoneza miyezi. Mayeso akale analira, atsopano analiranso. Anasokoneza masabata, zinali chimodzimodzi. Kenako anachotsa mzere wosamalira chaka chimene Febuluwale amafika pa 29. Mayeso a Mayi Nankhoma analira pomwepo. Akale aja anangoti zii.

Kachingwe anatsegula mizere yake n'kuiwerenga yonse mpaka pansi. Anapeza kuti pokopera funso lomwelo kambirimbiri, pamene anafuna kulemba 29 anasiyapo 28. Zaka zonsezi panalibe amene anaona, pakuti panalibe amene ankawerenga mpaka kumapeto. Mzere wa Febuluwale uja ukanawonongekadi, amayi ena akanabereka ana mtunda wonse wopita kuchipatala pa tsiku lolakwika.

"Munaona bwanji zimenezi, mayi?"

"Sindinazione ayi, bambo. Nditaika masiku onse pamndandanda umodzi, mpata unaonekera wokha."

Kachingwe anavomereza chosinthacho, ntchito yake ya zaka zambiri n'kufafanizika. Pansi pake, pamene aliyense pantchitopo amawerenga, analembapo kuti: "Mayeso awa aposa anga. Anga anali ndi bowo, ndipo bowolo ndinaboola ndine."

Inu amene mukuphunzira ntchitoyi, mudzayamika luso la mayi uja, ndipo n'koyenera. Koma ine mtima wanga uli pa bamboyo. Kufupikitsa mayeso mudzaphunzira m'chaka chimodzi. Tsiku lidzafika lakuti chofafanizidwacho chidzakhala chanu, mphamvu yokana ili m'manja mwanu. Tsiku limenelo musadzayang'ane dzina la wolemba. Mudzakoke mpando, muyese.