Chitsulo Chimene Chinkathamangira Nsanja ya Kumwamba

Kalekale, mayiko asanu ndi awiri anachita dima lodabwitsa. Sanalime munda ayi, anamanga nyumba m'mlengalenga! Dziko ili linabweretsa injini, ilo mafuta, lina mapiko otapa mphamvu ya dzuwa, mpaka nyumbayo inayamba kuzungulira dziko lapansi ngati mphamba. Anthu anangoitcha Nsanja. M'menemo munkakhala anthu asanu ndi awiri, dziko lililonse mwana wake mmodzi, ndipo ntchito yawo inali kujambula mitambo kuti alimi pansi pano adziwiretu za mvula. Lamulo lalikulu linali lakuti njira imene Nsanja imadutsa isasinthidwe pokhapokha mayiko onse atavomera.

Kwathu kuno kunali mayi wina wodziwa masamu, dzina lake Malifa Kathewera. Ntchito yake inali kulondola pa kompyuta zinyalala zoyandama kumwamba. M'mawa wina anaona chitsulo chachikulu ngati chitseko cha basi, chotsalira cha roketi yakale, chikubwera pa liwiro loposa chipolopolo. Anawerengera katatu, yankho n'kukhala lomwelo: pakatha maola asanu ndi limodzi chiwomba Nsanja, anthu onse aja psiti. Anathamangira kwa abwana ake mtima uli m'mwamba.

"Mayi, mayiko akuluakulu ali ndi makina oposa athuwa," anatero abwanawo. "Chikanakhalapo akanachiona kale. Musatichititse manyazi."

"Bwana, mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Ndikalakwitsa mundichotse ntchito."

Malifa anatenga foni n'kuimbira mayiko onse yekha. Aja a makina apamwamba anayamba aseka, kenaka anayang'ana pamene iye anawalozera, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Chitsulo chinalipodi.

Nthumwi za mayiko zinakumana msangamsanga, ndipo inu mukanamva phokoso lake! Zoti Nsanja isunthe aliyense anavomera, koma isunthire kuti? Akumpoto ankati, "Mukaikhotetsera kummwera, zithunzi za mitambo yathu tizitenga kuti?" Akummwera nawo ankamenya tebulo: "Nanga ifeyo timalima miyala?" Eni mafuta anali kudandaula zawo, eni injini zawonso. Ine zimandikwiyitsa mpaka lero, chifukwa anthu akuluakulu, ovala masuti, anatha maola anayi athunthu akukokanakokana chitsulo chikubwera.

Wapampando wa msonkhanowo anali bambo Idirisa, nthumwi ya dziko louma kuposa onse, kumene mvula ikachedwa mwezi umodzi ng'ombe zimagwa. Akatswiri anawasonyeza njira yachitatu. Njira imeneyo inkasiya mayiko asanu ndi limodzi osataya kanthu, koma dziko lawo lokha likanakhala chaka chathunthu lopanda zithunzi za mvula. Bambo Idirisa anavula magalasi, misozi ili lengelenge, chifukwa ankadziwa kuti kwawo akawatcha wogulitsa mtundu.

"Abale anga, lekani kukangana," anatero. "Tengani njira yachitatu. Ife mitambo tikaiyang'ana ndi maso monga ankachitira makolo athu. Munda wouma umalimidwanso chaka chamawa, koma mwana wakufa sabwerera."

Kenaka manja anakwera limodzilimodzi mpaka onse asanu ndi awiri.

Uthenga unafika ku Nsanja patatsala mphindi makumi anayi. Mtsogoleri wa anthu a m'Nsanjamo anadina batani loyatsira injini, koma injini osayaka. Anadinanso, phee. Chotsegulira mafuta, chimene chinali kunja, chinali chitauma gwa ndi kuzizira. Makaniko wawo, mtsikana wa dziko lozizira wotchedwa Yelena, anavala chovala chotulukira kunja, anadzimanga chingwe m'chiuno, natenga sipanala.

"Ndikangotsegula yatsani, musandidikire," anauza mtsogoleriyo.

"Mchemwali, moto ukupeza uli pomwepo!"

"Mukandidikira, chitsulo chitipeza tonse."

Anatuluka, pansi pake palibe nthaka, pamwamba pake palibe denga. Anakwawa mpaka pa injini, nakoka sipanala ndi mphamvu zake zonse. Koyamba chinakana, kachiwiri chinakana, kachitatu khethe! Moto unalavuka, Nsanja yonse inanjenjemera n'kuyamba kusuntha. Chitsulo chija chinadutsa ngati mphezi, chinangopalasa nsonga ya phiko limodzi. Anzake anamukoka Yelena ndi chingwe, wamoyo ndithu, koma dzanja lake lamanja linali litapsa moti sanadzagwirenso sipanala moyo wake wonse.

Chisangalalo chake, abale! M'mayiko onse asanu ndi awiri anthu anavina m'misewu, nthungululu mpaka mawu kusasa. Pa phiko lija anapezapo kachidutswa ka chitsulocho katakanirira, kakang'ono ngati njere ya chimanga. Mayiko anagwirizana kuti akaike mumkanda n'kuveka amene anapulumutsa Nsanja, ndiponso kuti Nsanjayo itchedwe dzina la munthuyo mpaka kalekale. Ndiye mkangano unabukanso, woposa woyamba uja.

A kwa Malifa anati, "Mwana wathu akanakhala chete, mukanakambirana chiyani? Mukanangomva maliro pa wailesi."

A kwa Idirisa, amene poyamba anawatukwana koma tsopano ankawanyamula pamapewa, anati, "Kuona ngozi si kuithawa. Pakanapanda bambo athuwa bwenzi mukukanganabe, ndipo chaka chouma tikuchisenza ndi ife."

A kwa Yelena anangokweza dzanja lake lomangidwa mabandeji, nati, "Masamu sanatsegule mafuta, msonkhano sunatsegule mafuta. Onani chimene chinatsegula."

Eni akewo atatu anangokhala pabenchi limodzi. Ine ndauganiza mlanduwu mpaka mutu kuwawa, ndipo ndikausiya m'manja mwanu. Musandiuze zogawa, chifukwa kanjereko sikadulika patatu, ndipo pakhomo pa Nsanja palembedwa dzina limodzi lokha. Wina anaika ntchito yake pachiswe, wina anapereka mvula ya mtundu wake, wina anasiya dzanja lake kumwamba. Inuyo mkandawo mukanaveka ndani, ndipo awiri otsalawo mukanawauza chiyani pamaso pawo?